Musatsitse Thanki

4 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi moni. Ine ndili bwino, kupatula chimfine chimene chanditseka mphuno chifikireni. Kaya inu ndi mwendo wanu uja, kaya mpongozi wanu ndi ana. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangokalipirana. Chigayo chija chinakutherani makutu, ndikati ndapeza ntchito inu mumati wapeza chiyani, mpaka mayunitsi kutha.

Ntchito ndaipeza. Ndi pa yadi ya munthu wina amene amanyamula katundu wa anthu kuwolotsa malire. Mpanda wa malata aatali, geti limodzi, shedi, ndi kaofesi kamene zenera lake limayang'ana pa dzenje lokonzerapo magalimoto. Mwini wake antchito amamutchula kuti Mano, chifukwa amangosekerera nthawi zonse, ngakhale pamene palibe choseketsa.

Wandilemba chifukwa cha pikapu imodzi ya dizilo imene yagonjetsa amakaniko angapo. M'mawa imalira bwino, m'tauni imayenda bwino. Koma ikasenza katundu n'kuyenda mtunda wautali, pachitunda imayamba kutsamwa, mphamvu n'kutha, kenako zii. Mukaisiya pang'ono imaliranso ngati sinalakwe. Ndinamuuza poyera kuti ine setifiketi ndilibe, ndinaphunzira ndi manja anga pa injini zimene eni ake anataya, poti bambo anga sankandilola ngakhale kugwira handulo ya chigayo. Musakwiye, ndi zoona. Anaseka. Anati mapepala a sukulu alibe nawo ntchito, koma pasipoti yanga aisunge mu ofesi kuopa akuba, ndipo adzandibwezera tsiku limene pikapuyo idzapite ulendo n'kubwera osazima. Sizinandikomere, koma ndinapereka. Popanda iyo kuno sindingayende momasuka, ndipo kwathu sindingabwere.

Lamulo wandipatsa limodzi lokha. Anati, "Gwirani paliponse, amisiri, koma thanki musatsitse. Ndi yatsopano."

Dzulo ndinakhetsa madzi pansi pa fyuluta, anatuluka ochepa, n'kuika fyuluta ina. Ikulira mosalala. Mwina amakaniko akunowa ndi ongovala maovolosi basi.

Ndatumiza kangachepe. Mpongozi wanu agule malata a pakhonde paja pamadontha, zotsala zipite kusukulu. Asakongoze munthu, ngakhale alire bwanji. Sopo kuno ndi wodula ngati mankhwala.

Ine mwana wanu wachisamba.

25 Malichi

Bambo,

Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti mwendo waphwa. Ine mphuno yatseguka, ndili bwino.

Mwalemba kuti ndiyang'ane mpweya, kuti injini ya dizilo imene imazima n'kudzukanso yokha ndiye kuti ikumeza mpweya. Ndikudziwa, Bambo, sindinayambe dzulo. Koma poti mwanena, imvani zimene ndachita. Matenda aja anabwerera pa ulendo woyamba womwe. Ndinatenga kapaipi koonekera mkati n'kukalumikiza pakati pa fyuluta ndi pampu yaikulu, kuti ndizione mafuta akamadutsa. Injini ikamalira pang'onopang'ono thovu palibe. Mukaponda kwa nthawi, kapaipiko kamayamba kuphwa ngati kakufinyidwa, thovu n'kubwera pambuyo pake. Ndiye kuti mpweya si umene ukuyambitsa. Pampu ikukoka ndithu, koma kumene ikukokako kukukana.

Timphete ta mkuwa ta pa mabawuti a mapaipi ndasintha tonse. Pampu yaing'ono ndaimasula, ndi yamoyo. Manozo ndinapita nawo koyezetsa, onse akupopera bwino. Dizilo ndamununkhiza, ndamuika m'botolo kuti akhazikike, mulibe palafini, mulibe madzi.

Ndiye ndinachita zimene antchito anzanga akuseka nazo mpaka lero. Ndinamangirira chigubu cha dizilo kumbuyo, paipi kuchoka m'chigubumo molunjika ku fyuluta, thanki n'kuisiya ili yokha. Ndinatenga dalaivala wa pikapuyo, munthu wosayankhulayankhula amene amamutchula kuti Wamtali, tinapakira matumba a mchenga n'kupita ku chitunda chimene imakonda kuferapo. Inakwera ngati yalumidwa ndi mavu. Tinabwereza, chimodzimodzi. Ndinamumenya paphewa ndi chimwemwe, ndinati matenda tawagwira, ali m'thanki. Iye sanasangalale. Anaimika galimoto pambali n'kundipempha kuti kwa Mano ndikanene kuti vuto ndi mafyuluta abodza amene adzaza m'mashopu. Ndinamufunsa ngati pa nkhope yanga palembedwa kuti ndine wonama. Analiza galimoto, tinabwerera ku yadi.

Kwa Mano ndinanena mmene zilili. Anamvetsera mano onse ali pamtunda, n'kundiuza kuti ndiyang'anenso bwino kutsogolo, thanki ilibe vuto. Munthu amene sadziwa kusiyana kwa nozo ndi msomali akundiuza ine koyang'ana.

Mng'ono wanga mwati akufuna kubwera kuno. Ayambe wadikira, ndione kaye mmene zikhalire. Pakali pano akuthandizeni kukhoma malata aja, asamangopesa tsitsi pa msewu.

Ndine mwana wanu.

19 Epulo

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, mtima ndi umene ukutentha.

Njira imene Mano wasankha ndi iyi: ulendo uliwonse fyuluta yatsopano, ina yapadera pansi pa mpando. Wagula katoni yathunthu. Ndinamuuza kuti kumeneko n'kupukuta mwana mamina pamene matenda ali m'chifuwa. Anati ndili ndi pakamwa pokoma.

Fyuluta imodzi yochotsedwa ndinaidula ndi sowo. Ya ulendo umodzi wokha, Bambo, koma pepala lake lamkati linali litamatidwa ndi tinthu totuwa tonga mphira, tonanda ukatifinya. Pansi pake panali timibulu takuda tolimba. Inu mukanati ndi mchenga. Si mchenga, nditayandikiza maginito tinakwera tonse. Ndi tizitsulo timene timathetheka munthu akamawotcherera. Thanki yochokera ku fakitale sikhala ndi zimenezo m'mimba.

Pali chinanso. Mafuta ndimathira ndine, ndi zigubu. Mathanki a mtundu umenewu ndakonzapo, kukula kwake ndimakudziwa. Iyi imadzaza msanga, zigubu zoyenera kulowa zikadali pansi. Ndinatsikira m'dzenje n'kuigogoda ndi sipanala. Mbali ya kutsogolo imayankha mmene thanki yodzaza imayankhira. Mbali ya kumbuyo ikulira ngati chitini chopanda kanthu. Nditatukula mutu ndinapeza Mano ali pa zenera la ofesi, kapu ya tiyi m'manja, akundiyang'ana. Anandikwezera kapuyo ngati tili pa phwando.

Timibulu tija ndinapita nato kwa wowotcherera wa pa yadi pano, mkulu wa msinkhu wanu, maso ofiira ngati anathiramo tsabola. Ndinatikhuthulira pa benchi yake n'kumufunsa kuti ana awa ndi a ndani. Anatisesera pansi ndi chikhatho, anatsitsa chigoba chake kumaso, n'kuyatsa moto pa chitsulo chimene anali atamaliza kale. Ndinamutukwana, sindibisa. Munthu wa imvi kumayankha mnzake ndi moto.

Za pasipoti ndakumbutsa. Akuti pangano silinasinthe, kupita ndi kubwera osazima. Pikapu ikuzimabe, kungoti Wamtali amasintha fyuluta m'njira n'kupitiriza.

Nsapato za mdzukulu wanu wamkazi ndagula, ndipatsira wa basi. Zikakhala zazikulu aikemo mapepala, akula nazo. Mwati mpongozi wanu akudandaula kuti iye sindimulembera. Muuzeni kuti kalata zimenezi ndi zanu nonse, kungoti iye za manozo zimamugonetsa tulo.

Mwana wanu.

16 Meyi

Bambo,

Pepani kuti ndinakhala chete. Ndili moyo, sindikudwala. Moni kwa onse.

Sabata yatha pikapu inafera kutali, mafyuluta onse atatsekeka. Inabwera ikukokedwa ndi galimoto yopanda nambala kutsogolo, mmene munali amuna amene sanapereke moni kwa aliyense. Anailowetsa mu shedi, ife tonse n'kutitulutsa kunja kwa geti. Tinakhala pa miyala mpaka dzuwa kupendeka. Titalowa tinapeza pikapu ili pa dzenje, mabawuti a bodi ya kumbuyo akuwala mitu, kusonyeza kuti angomasulidwa kumene n'kumangidwanso.

Wamtali anatulukira tsiku lotsatira, dzanja lamanzere litakulungidwa nsalu, zala zitamangidwa pamodzi. Akuti jeke inamuphwanya. Jekeyo ndaiona, ili pamalo pake ndi fumbi lake. Ndinamuuza kuti akanandithandiza kukakamiza Mano kuti titsitse thanki, bwenzi zala zake zili zabwino, ndiponso kuti munthu wamtali chonchi kukhala ndi mtima wa nkhuku n'kuwononga msinkhu.

Anati, "Amisiri, ana muli nawo?"

Ndinati ndili nawo.

Anati, "Inenso."

Nkhani inathera pomwepo.

Kenako Mano anandiitana mu ofesi. Sanakalipe, sakalipa munthu ameneyu. Anati eni katundu atopa, ndipo pikapu ikadzazimanso sadzacheza ndi dalaivala yekha, adzafuna kudziwana ndi makaniko. Ndinati ndiye ndipatseni pasipoti yanga, mupeze makaniko wina wodziwa kukonza thanki asanaigwire. Anatsegula kabati, anaitulutsa, anayang'ana chithunzi changa n'kunena kuti kale ndinali wonenepa, n'kuibwezera momwemo.

Ndiye onani pamene ndaima. Ndikapanda kutsitsa thanki izimanso, ndipo ine zala ndi zimene ndimadyera. Ndikaitsitsa ndaphwanya lamulo lake. Mpongozi wanu musamuwerengere ndime zimenezi, mungomuuza kuti ntchito yachuluka. Mng'ono wanga asabwere. Musamuuzenso kuti adikire, muuzeni kuti ndakana.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, andidula za mafyuluta ngati ndimadya ndine. Za kusukulu zikhale patsogolo, zina zidikire.

Ine wanu.

2 Juni

Bambo,

Moni nonse. Ndili bwino, manja onse ali bwino.

Ndaitsitsa.

Lamulungu m'mawa, yadi ili zii, mlonda akuwodzera pa geti, ndinakhetsa mafuta, ndinamasula malamba ake n'kuitsitsa ndi jeke. Nditachotsa chivindikiro cha geji ya mafuta n'kuunika ndi tochi, ndinaona khoma. Chitsulo chowotcherera pakati pa thanki, kuigawa pawiri. Mafuta amakhala kutsogolo. Kumbuyo ndi kachipinda kouma, kachitseko kake kali pamwamba, kobisika pansi pa bodi. Munalibe kanthu. Fungo lokha, limene sindilidziwa ndipo sindikufuna kulidziwa.

Matenda ake ndi awa, poti mwakhala mukufunsa. Wowotcherera uja sanaukhulupirire msoko wake, ndiye anaupaka phala lija amamatira magalasi a mazenera ndi masinki. Pa madzi limagwira. Koma dizilo amalidya pang'onopang'ono, limafewa n'kumasupuka. Galimoto ikamagwedezeka pa mtunda wautali zidutswazo zimayandama, ndiye pampu ikakoka mwamphamvu pachitunda zimakamatirira pa kasefa ka kukamwa kwa paipi. Injini ikazima zimagwa zokha, n'chifukwa chake imaliranso. Zing'onozing'ono ndi zimene zimadutsa n'kukatseka fyuluta. Amakaniko onse aja ankasaka kutsogolo chifukwa anauzidwa kuti kumbuyo kulibe nkhani. Ndawapepesa mumtima chifukwa cha za maovolosi zija.

Ndili chogwada pamenepo, mkono uli m'thanki mpaka m'chigongono, ndinaona nsapato zoyera za Mano pambali panga. Geti sindinalimve. Bambo, mumandidziwa. Ndinaimirira n'kumuuza zonse. Kuti thanki yake yatsopanoyo ndi yodulidwa. Kuti amene anaimata ndi phala la kubafa ndi mbuli. Kuti wandizunzitsa miyezi yonseyi kusaka matenda amene iye anawakhalira. Za kachipindako ndinati sizikundikhudza, ine ndine wa mafuta.

Anandisiya ndimalize. Kenako anafunsa mofatsa kuti phalalo anapaka ndani, poti iye analamula zowotcherera zokha. Ndinali nditatentha kale, ndinamutchula mkulu uja. Pakamwa pangapa.

Anagwedeza mutu, anayang'ana m'thankimo, n'kuyang'ana ine.

Anati, "Ndiye mwaona, amisiri. Poti mwaona, konzani. Tsopano ndinu wa pabanja."

Anatuma mlonda kukandigulira chakumwa chozizira. Sindinamwe, chili pa benchi mpaka pano.

Mwafunsa ngati mugulitse njinga yanga. Musagulitse. Ipakeni mafuta, muipachike.

Mwana wanu.

21 Juni

Bambo,

Ndikhulupirira ino ikupezani muli amphamvu. Ine ndikudya bwino, ndikugona pabwino.

Pikapu ndaikonza. Ndinapala phala lonse, ndinatsuka thanki ndi madzi otentha ndi sopo mpaka fungo la mafuta kutheratu, pakuti kuyatsa moto pa thanki imene ikadali ndi nthunzi n'kudziitanira maliro. Msoko ndawotcherera ndekha, ndinauyesa ndi mpweya ndi thovu la sopo, sukutulutsa paliponse. Kasefa ndaika katsopano, mapaipi ndawauzira mpweya mpaka kuyera, fyuluta yatsopano, ndipo mpweya ndachotsa mpaka ku manozo. Takwera chitunda chija mchenga uli tho, sinakhosomole n'kamodzi komwe. Mukanaimva, Bambo, ngakhale ndi makutu anuwo mukanavomereza. Ndi ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndagwirapo, ndipo sindingaionetse munthu.

Ndawotcherera ndekha chifukwa mkulu uja kulibe. Lolemba lake sanabwere. Akuti anapita kwawo. Chigoba chake chili pa msomali, jekete lake lili pomwepo, ndi kabotolo ka mankhwala ake a m'maso. Munthu wa maso otero sapita kwawo n'kusiya mankhwala. Ndimagwirira pa benchi yake, ndipo kabotoloko sindinakasunthe.

Andichotsa ku chipinda chimene ndinkachita lendi. Tsopano ndimagona m'yadi momwemo, kuseri kwa shedi, bedi labwino, lendi palibe. Malipiro akwera, muona pa zimene ndatumiza. Musadabwe ndipo musauze anthu. Geti amakhoma cha kunja. Ndikafuna sopo mlonda amakandigulira. Kalata ino aponya ndi Wamtali. Ndinamupempha ndikuyembekeza kuti akana, koma anangoilozera thumba la jekete lake. Inu musaiyankhe, makalata obwera kuno amayamba afika mu ofesi.

Pasipoti ndinaifunsa, poti pikapu yachira. Mano akuti pangano linali la kupita ndi kubwera, ndipo ulendo uno ndikwera nawo, kuti ikatsamwa makaniko akhale ali pomwepo. Waipereka kwa Wamtali kuti aisunge mpaka pa malire. Ndinamufunsa Wamtaliyo ngati tikabwerako andimasula. Anati iyenso anauzidwa kuti ndi ulendo umodzi, ndipo mwana wake amene ankakwawa nthawi imeneyo tsopano amapita yekha kusukulu.

Tinyamuka sabata yamawa. Mukaona kuti papita nthawi osamva za ine, zitsulo zanga zija zili m'bokosi kumudziko musazigulitse motaya. Masipanala amenewo ndi enieni, asakupusitseni kuti ndi akale. Mpongozi wanu muzimuyang'anira, ndi wolimba pakamwa pokha.

Ine mwana wanu wachisamba.

29 Juni

Bambo,

Ndili moyo, zala zonse zilipo, pasipoti ili m'sokosi. Ndikulemba pa benchi ya pa depoti ya mabasi, m'tauni imene sindiitchula. Sindibwera molunjika, ndiyamba ndazungulira, mwina ino ifika ine ndisanafike. Musauze munthu kuti ndili m'njira, ngakhale mng'ono wanga. Mpongozi wanu yekha, ndipo asakonze za alendo.

Chivindikiro cha pothirira mafuta chili ndi kabowo kopumira, kochepa ngati ka singano. Mafuta akamatsika, mpweya umalowera pamenepo. Mukakatseka injini imayenda kwa nthawi, kenako thanki imayamba kudzikoka yokha, mafuta n'kukana kubwera. M'mawa wa ulendo, nditathira chigubu chomaliza, ndinakanikizapo kachidutswa ka phula. Kulemaza galimoto imene wachiritsa wekha kumawawa.

Malo oferapo sindikanasankha. Njira yonse ndinkangopempha kuti isafere m'tchire. Inatsamwa titangolowa m'tauni ino, pafupi ndi mashopu. Wamtali anaikokera pambali, nkhope itatuwa. Ndinatsegula boneti, ndinagwira apa ndi apo, n'kumuuza kuti pampu yaing'ono yafa, ndiyenera kukasaka ina, ndipo mlendo sayenda m'tauni ya eni wopanda pasipoti. Iye galimoto saloledwa kuisiya ikakhala ndi katundu. Koma ine kunama sinditha, Bambo. Mawu ankatuluka ngati a mwana amene wagwidwa ndi shuga kukamwa.

Anazungulira kumbuyo n'kutsegula chivindikiro kuti aone ngati mafuta alimo. Thanki inapuma mpweya mwamphamvu, ndinaimva ndili kutsogolo. Munthu amene wayendetsa dizilo zaka zonsezi phokoso limenelo amalidziwa. Anatembenuza chivindikirocho, anayang'ana phula lija, n'kuyang'ana ine. Akanangopotokola kiyi pamenepo, ikanalira.

Anachitsekanso mmene chinalili. Anapisa m'jekete ndi dzanja lake labwinolo n'kundipatsa pasipoti.

Anati, "Mapampu amenewa ndi osowa, amisiri. Mukasake bwinobwino. Musafulumire."

Ndinamuuza kuti tiyeni tonse, tiisiye pomwepa, mabasi ndi awo. Anati Mano khomo la nyumba yake amalidziwa, langa salidziwa. Anati adikira mpaka dzuwa lipendeke, kenako aboola kabowoko ndi waya apitirize yekha. Ndinamufunsa kuti akanena chiyani za ine. Anati zimenezo ndi zake, ine ndiziyenda.

Ndinayenda. Nditafika pa ngodya ya mashopu ndinacheuka. Anali atakhala pa bampa, miyendo yake yaitaliyo itatambalala mu fumbi, foni ikulira m'dzanja lake, iye akungoiyang'ana. Basi yanga akupakira tsopano. Sindikudziwa ngati anaiyankha.

Mwana wanu.